Kutsegula Akaunti, Kulipira ndi Kutumiza Ndalama Mukafika ku Joni

Anthu ambiri akamakonzekera ulendo wa ku South Africa, komwe ife timangoti ku Joni ngakhale munthuyo akupita ku Durban kapena ku Cape Town, nkhawa yawo imakhala pa pasipoti, pa tikiti ya basi ndi pa malo ofikira, ndipo za ndalama amati adzaziona akafika. Akafika amapeza kuti bwana salipira pamanja, mwini nyumba akufuna lendi kudzera ku banki, ndipo mapeto ake malipiro a mwezi woyamba amalowa mu akaunti ya msuweni kapena ya mnzawo wa kumudzi. Malangizo ali m'munsiwa atsamira pa mfundo imodzi, yakuti ndalama zanu, nambala ya foni yanu ndi akaunti yanu zikhale m'dzina lanu kuyambira tsiku loyamba, ndipo asanjidwa motsata mmene zinthuzi zimadalirana, chifukwa simungapeze chachitatu musanakonze chachiwiri.

Choyamba: musananyamuke

Pitani ku banki yanu kudakali sabata ziwiri kapena zitatu, mukafunse ngati khadi lanu ndi lololedwa kugwira ntchito kunja kwa dziko, komanso malire a ndalama zimene mungatape kapena kulipira pa tsiku ndi pa mwezi. Chizindikiro cha Visa kapena Mastercard chokha sichikwanira, pakuti chifukwa cha kuchepa kwa ndalama zakunja mabanki a ku Malawi amaika malire pa makhadi, ndipo malirewo amasinthasintha. Auzeninso masiku a ulendo wanu kuti asatseke khadi poganiza kuti lagwera m'manja mwa akuba. Ngati mukufuna kugula marandi kapena madola, tengani pasipoti ndi tikiti yanu, mugule ku banki kapena ku malo osinthira ndalama ovomerezeka, ndipo lisiti mulisunge pamodzi ndi pasipoti. Makwacha enieniwo musavutike kuwanyamula ambiri, chifukwa mukawoloka Limpopo simudzapeza banki yowalandira.

Amene mukuyenda pa basi kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, kumbukirani kuti mudutsa m'maiko awiri amene ali ndi ndalama zawozawo. Marandi ang'onoang'ono ndi madola a 1 ndi 5 amathandiza pogula chakudya ndi madzi panjira, pomwe ndalama yaikulu imakupatsani vuto la chenji. Lamulo la South Africa limaika malire pa marandi a pamanja amene munthu angalowe kapena kutuluka nawo, ndipo ngati muli ndi ndalama zambiri zakunja muyenera kuziulula kwa akuluakulu a msonkho pachipata. Ndalamazo musaziike malo amodzi.

Chachiwiri: dziwani chimene chidindo cha m'pasipoti mwanu chikukulolani

Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza ngati mlendo wa masiku osapitirira 30. Chidindo chimenechi ndi chokwanira kugona kuhotela, kugula katundu ndi kugwiritsa ntchito khadi lochokera kwanu, koma mabanki ambiri sangakutsegulireni nacho akaunti ya masiku onse. Iwo amafuna pemiti imene sinathe ntchito, yochokera ku Home Affairs, unduna woona za anthu olowa ndi kutuluka m'dzikolo, kaya ndi ya ntchito, ya sukulu, ya bizinesi kapena yokhalira ndi banja. Choncho ngati mwangopita kukaoda katundu kapena kukaonana ndi dokotala, musataye tsiku pa mizere ya ku banki. Dumphani gawo lachinayi, muwerenge za kalipiridwe.

Chachitatu: lembetsani nambala ya foni m'dzina lanu

Gawo ili limaoneka laling'ono koma ndi pamene ambiri amapunthwa. Lamulo lotchedwa RICA limafuna kuti SIM khadi iliyonse ilembetsedwe, ndipo polembetsa amafuna pasipoti ndi umboni wa kumene mukukhala. M'misewu ya kufupi ndi Park Station ku Johannesburg mupeza anthu ogulitsa makhadi a foni olembetsa kale pa mtengo wotsika, ndipo mlendo wotopa ndi ulendo wa masiku awiri amaona ngati wapeza njira yachidule. Musagule. Nambala imeneyi ndi imene banki izidzatumizako manambala achinsinsi otsimikizira kuti wolipirayo ndinu, ndipo foni ikadzabedwa, kampani ya foni sidzakubwezerani nambala yolembedwa m'dzina la munthu amene simukumudziwa. Lowani m'sitolo ya Vodacom, MTN, Telkom kapena Cell C, kapena m'sitolo ngati PEP, mulembetse ndi pasipoti yanu.

Chachinayi: kutsegula akaunti

Mabanki akuluakulu a dzikoli ndi Standard Bank, FNB, Absa, Nedbank ndi Capitec. Onsewa amatsata lamulo la FICA la m'chaka cha 2001, limene limawakakamiza kudziwa bwino kasitomala aliyense ndi kumene ndalama zake zikuchokera, kotero mafunso ambirimbiri amene adzakufunseni si nkhanza za kalaliki. Dziwaninso kuti Standard Bank ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi za banja limodzi, koma akaunti yanu ya ku Lilongwe siingasanduke akaunti ya ku Johannesburg. Mudzayamba mwatsopano monga wina aliyense.

Tengani pasipoti yeniyeni osati fotokope yokha, pemiti yanu, kalata ya kuntchito kapena ya kusukulu, ndi umboni wa malo okhala. Umboni umenewu ndi umene umavuta anthu ochita lendi chipinda kuseri kwa nyumba ya munthu, amene alibe bilu ya madzi kapena ya magetsi m'dzina lawo. Njira yake ndi iyi: pemphani mwini nyumba alembe kalata yolumbirira yonena kuti mumakhala pamalo pake, akaidinditse kupolisi, kumene amadinda mwaulere, ndipo aphatikizepo fotokope ya chiphaso chake ndi bilu yake yosapitirira miyezi itatu. Mabanki ena anasiya kufunsa umboniwu pa maakaunti ang'onoang'ono, koma ndi bwino kukhala nawo kusiyana ndi kubwezedwa mutaima pamzere maola awiri. Pitani m'mawa, pakati pa sabata, ndipo pewani masiku a kumapeto ndi kumayambiriro kwa mwezi pamene anthu amalandira malipiro.

Mukakhala pa desiki, musathamangire kusaina. Funsani ndalama imene amadula pa mwezi, imene amadula potapa pa makina awo ndi pa makina a banki ina, komanso imene amadula poika ndalama za pamanja, chifukwa kumeneko kusungitsa ndalama pa kauntala nakonso amalipiritsa, ndipo kwa munthu wa maganyu wolandira pamanja ndalama imeneyi imakula msanga. Pemphani akaunti yotsika mtengo kwambiri. Akakuuzani za inshuwalansi ya maliro, za ngongole kapena za khadi la ngongole, ayankheni kuti mukaganiza kaye. Inshuwalansi ya maliro ndi yofunika ndithu kwa munthu amene ali kutali ndi kwawo, koma muyenera kuwerenga kaye ngati imalipira kunyamula thupi mpaka ku Malawi, ndipo zimenezi siziwerengedwa mothamanga munthu wina akukudikirani ndi cholembera.

Musanatuluke m'bankimo, apempheni akuthandizeni kuika pulogalamu ya banki pa foni yanu, akutsegulireni mauthenga okudziwitsani ndalama ikalowa kapena kutuluka, ndipo akupatseni kalata yotsimikizira akaunti imene mukapereke kuntchito. Pakalatapo pamakhala nambala ya akaunti ndi nambala ya nthambi. Banki iliyonse ili ndi nambala imodzi yoimira nthambi zonse: ya Capitec ndi 470010, ya FNB ndi 250655, ya Standard Bank ndi 051001, ya Absa ndi 632005, ndipo ya Nedbank ndi 198765. Kuyambira mu Epulo 2024, ndalama zosungidwa m'mabanki a dzikoli zimatetezedwa ndi bungwe la CODI mpaka R100,000 pa munthu aliyense pa banki iliyonse, ngati bankiyo itagwa.

Lembani penapake tsiku limene pemiti yanu ithere. Banki imalidziwa tsikulo, ndipo likadutsa musanapereke pemiti yatsopano ikhoza kuumitsa akaunti, ndalama zili momwemo. Mukangopereka mapepala ofunsira pemiti ina, tengani lisiti lake mukalionetse ku banki, mufunse zimene iwo akufuna kuti akaunti isatsekedwe pamene mukudikira.

Pano ndiime pang'ono pa nkhani ya kubwereka akaunti, chifukwa ndinaiona ndi maso. Mnyamata wina wa kwathu amene tinkakhala naye nyumba imodzi ankalandirira malipiro mu akaunti ya mlamu wake kwa miyezi isanu ndi iwiri. Tsiku lolandira likafika ankakhala pakhonde foni ili m'manja, kudikira kuti mlamuyo aweruke, ndipo ndalama zinkabwera zoperewera, lero akuti banki yadula, mawa akuti ngongole ya mlamuyo ya mipando yadzitengera yokha. Sakanatha kukadandaula kulikonse, pakuti pa pepala ndalamazo sizinali zake. Mbali inanso ya nkhaniyi ndi yoopsa kuposa pamenepa: inu mukadzakhala ndi akaunti, anthu adzakupemphani kuti ndalama zawo zidutsire mwa inu, ena akulonjezani kangachepe. Ndalamazo zikakhala zakuba, wofunsidwa ndi apolisi ndinu, ndipo dzina lanu likalembedwa m'kaundula wa achinyengo amene mabanki onse amaona, kutsegula akaunti ina kumakhala kovuta kwa zaka zambiri. Amene pemiti yawo siinatuluke angafunse za makhadi olipiriratu amene makampani otumiza ndalama monga Mukuru amapereka kwa anthu a pasipoti yakunja. Khadi lotere lili ndi malire ake, koma lili m'dzina la mwini wake.

Chachisanu: kalipiridwe ka tsiku ndi tsiku

Macheke anasiya kugwira ntchito m'dzikoli kumapeto kwa chaka cha 2020, ndipo pafupifupi m'sitolo iliyonse, pa malo omwetsera mafuta, ngakhale kwa ometa tsitsi ena, amalandira khadi. Pa zinthu zotsika mtengo mumangogunditsa khadi pa makina osalemba nambala yachinsinsi. Ubwino wake ndi changu, kuipa kwake ndi kwakuti wotola khadi lanu angagunditsenso chimodzimodzi, choncho lowani mu pulogalamu ya banki muchepetse malire kapena mutseke njirayi, ndipo muphunziriretu pamene mungadine kuti muimitse khadi likasowa. Khadi lisachoke pamaso panu. Kumalo odyera woperekera zakudya amabweretsa makina patebulo. Ngati mukulipira ndi khadi lakunja ndipo makina akufunsa ndalama imene mukufuna kulipirira, sankhani randi nthawi zonse, chifukwa mukasankha ina kusinthako amachita ndi eni makinawo pa mtengo wokomera iwowo.

Mukafuna ndalama za pamanja, njira yotsika mtengo kwa amene ali ndi khadi la m'dziko momwemo ndi kutapa pa malo olipirira m'masitolo monga Shoprite, Checkers, Pick n Pay ndi Boxer. Mumangouza wogulitsayo kuchuluka kwa ndalama zimene mukufuna, mulemba nambala yachinsinsi, iye nkukupatsani. Mukakakamizika kupita pa ATM, sankhani ya mkati mwa banki kapena mwa malo ogulitsira aakulu, masana. Kuba kofala kwambiri ndi kosinthanitsa makhadi, ndipo kumachitika motere: munthu wovala bwino amene waima pambuyo panu akuuzani mwaulemu kuti makinawo akuvuta, kapena kuti simunamalize kutseka, atambasula dzanja ngati akukuthandizani, ndipo m'kuphethira kwa diso khadi lanu lalowa m'thumba mwake, inu mwatsala ndi lofanana nalo la munthu wina, pamene mnzake waona kale manambala amene munalemba. Munthu aliyense akakuyandikirani pa ATM, dinani batani loletsa, tengani khadi lanu, muone ngati ndi lanudi, muchokepo. Ulemu wathu wa kumudzi woyankha aliyense wotilankhula usiyeni pakhomo.

Lendi ndi ngongole zina zimalipiridwa kudzera mu EFT, kumene ndi kusamutsa ndalama kuchoka mu akaunti ina kupita mu ina. Mabanki akakhala osiyana, ndalama zimatha tsiku limodzi kapena awiri a ntchito zisanaoneke, pokhapokha mutasankha kuti zifike nthawi yomweyo, zimene amalipiritsa mowonjezera. Polipira lendi lembani dzina lanu ndi mwezi pa malo a chizindikiro otchedwa reference, kuti pasadzakhale mkangano. Kuyambira mu Malichi 2023 kulinso njira ya PayShap, imene imapezeka mu pulogalamu ya banki yomweyo ndipo imafikitsa ndalama m'kanthawi kochepa pogwiritsa ntchito nambala ya foni ya wolandira, ngati anailembetsa. Amene munazolowera Airtel Money ndi Mpamba muiona ngati yachibale. Wopanda akaunti mungamutumizire kudzera mu eWallet ya FNB, Instant Money ya Standard Bank kapena CashSend ya Absa, iye nkukatapa pa ATM ndi manambala obwera pa foni popanda khadi. Inu amene mukugulitsa katundu, musapereke katundu chifukwa choti wogula wakuonetsani uthenga kapena pepala loti walipira, pakuti mapepala otere amapangidwa pa foni. Dikirani ndalama zioneke mu akaunti mwanu.

Palinso chimene amati debit order, chilolezo chimene mumapereka kwa kampani kuti izidzitengera yokha ndalama mu akaunti mwanu mwezi ndi mwezi. Zambiri mwa izo masiku ano zimafuna kuti muvomereze pa foni yanu kudzera mu DebiCheck. Musavomereze chimene simukuchidziwa, ndipo muziwerenga sitetimenti mwezi uliwonse, chifukwa ndalama zazing'ono zodulidwa mwakachetechete zimabwezedwa mosavuta mukadandaula msanga.

M'matakisi, amene kwathu timati maminibasi, ndalama ya pamanja ikadali mfumu. Ku Johannesburg nthawi zambiri mulibe kondakitala. Anthu a mpando uliwonse amasonkhanitsa ndalama zawo nkuzipatsira kutsogolo dzanja ndi dzanja, akutchula kuti ndi za anthu angati, ndipo wokhala pafupi ndi dalaivala ndi amene amawerengera ndi kubweza chenji cha galimoto yonse. Mlendo amene sanadziwe mitengo asakhale mpando umenewo, ndipo asakwere m'mawa ndi R200. Sitima ya Gautrain imalandira khadi la ku banki logunditsa, pomwe mabasi a MyCiTi ku Cape Town amafuna khadi lawolawo limene mumaikamo ndalama. Mayunitsi a magetsi ndi a foni amagulidwa mu pulogalamu ya banki kapena m'masitolo.

Chachisanu ndi chimodzi: kutumiza ndalama kumudzi

Azigogo athu a nthawi ya Wenela ndi Theba ankasungiridwa gawo la malipiro awo kuti akalandire atabwerera kumudzi. Ife timatumiza tokha, ndipo pamenepa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira panjira. Kutumiza kudzera ku banki kumayenera ndalama zikuluzikulu, monga zogulira malo kapena galimoto, chifukwa zimene amadula ndi zochuluka. Pa ndalama za mwezi ndi mwezi ambiri amagwiritsa ntchito makampani ololedwa ndi banki yaikulu ya dzikolo, South African Reserve Bank, monga Mukuru, Hello Paisa ndi Mama Money. Mumalembetsa ndi pasipoti ndi chithunzi chanu, ndipo mukaonjezera umboni wa malipiro amakukwezerani malire a ndalama zimene mungatumize. Mukatero mumalemba dzina la wolandira ndendende monga lilili pa chiphaso chake cha unzika, mulandira nambala ya oda, nkukalipira m'sitolo kapena kudzera ku banki. Wolandirayo angakatenge pamanja, kapena zingalowe mu Airtel Money, Mpamba kapena mu akaunti yake, malinga ndi zimene kampaniyo imapereka. Dzina likalakwika ngakhale chilembo chimodzi, mayi anu akhoza kuyenda ulendo wa pa boma pachabe.

Poyerekeza makampani musayang'ane ndalama yodula yokha, koma funsani kuti pa R1,000 imene ichoke m'thumba mwanu, kumudzi kufika makwacha angati. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka: kampani ina ikadula R50 nkusintha pa K90 pa randi, kufika K85,500, pomwe ina yodula R100 koma yosintha pa K97 ifikitsa K87,300. Yooneka yodula ndi imene yapereka zambiri. Mitengo yosinthira imayenda, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawerengedwe onse akale anatha ntchito, choncho yerekezani pa tsiku lotumiza lomwelo.

Sindibisa kuti alipo anthu otumiza mwamseri, matransipota ndi ena a pa WhatsApp, amene amapereka makwacha ochuluka kuposa makampani ovomerezeka, ndipo m'chifukwa chake amakopa anthu. Njirayi ndi yosemphana ndi malamulo a maiko onse awiri, ndipo mulibe lisiti. Munthuyo akazimitsa foni, palibe ofesi imene mungapiteko. Malisiti a njira yovomerezeka amadzakuthandizaninso tsiku limene banki kapena achibale adzafunse kumene kunachokera ndalama zomangira nyumba.

Chachisanu ndi chiwiri: zikavuta, komanso pobwerera

Khadi kapena foni ikabedwa, imitsani khadi nthawi yomweyo, muimbire banki pa nambala imene munalemba papepala osati mu foni mokha, kenako mutseketse SIM khadi. Foni yanu ikangotaya netiweki mosadziwika bwino kwa nthawi yaitali pamene anzanu ali nayo, imbirani banki msanga, chifukwa n'kutheka kuti wina wasamutsa nambala yanu kuti azilandira manambala achinsinsi. Banki siidzakuimbirani kukufunsani nambala yachinsinsi. Wofunsayo ndi wakuba ngakhale atatchula dzina lanu lonse. Mukadandaula ku banki pemphani nambala ya dandaulo lanu, ndipo ngati sanakuthandizeni pitani nayo ku National Financial Ombud Scheme, ofesi imene imamva madandaulo a makasitomala a mabanki mwaulere.

Mlendo wa masiku ochepa amene wagula katundu wopita naye kwawo asunge malisiti a msonkho, chifukwa msonkho wa VAT wa 15 peresenti umabwezedwa kwa alendo pa katundu wopitirira R250 yense pamodzi, ndipo pa bwalo la ndege la OR Tambo katunduyo amafuna amuone musanamupereke kuti alowe m'ndege. Amene mukubwerera kumudzi kwa miyezi ingapo, siyani ndalama yokwanira zodula za pa mwezi, ndipo muziika mayunitsi pa nambala yanu ya ku South Africa nthawi ndi nthawi, pakuti nambala yongokhala imaperekedwa kwa munthu wina, mauthenga a banki yanu nkumapita kwa iyeyo. Ngati mukubwerera kotheratu, thetsani kaye zonse zodzidula zokha polankhula ndi makampani ake, tumizani ndalama zanu pemiti isanathe, sindikizani masitetimenti a miyezi yomaliza, kenako pitani ku nthambi ndi pasipoti mukatseke akaunti ndipo akupatseni kalata yosonyeza kuti yatsekedwa.